Makompyuta Akale a Wilkins Zgambo

Wilkins Zgambo sankazimitsa kompyuta pa swichi ya pakhoma. Madzulo akamaweruka, ankadina zoti adine, kenaka n'kuika chikhatho pamwamba pa bokosi la kompyutayo. Mkati mwa bokosi mumakhala kafani kozizira makina. Iye ankaima chomwecho mpaka kafaniko katasiya kunjenjemera pansi pa dzanja lake. Akatero ankavundikira kompyutayo ndi nsalu n'kupita pa ina. Kaya mvula ikubwera, kaya wina akumuitana panja, dzanjalo silinkachoka msanga.

Ndinkamuona akuchita zimenezi tsiku ndi tsiku. Ine ndine telala. Makina anga osokera ali pa khonde la mashopu ena kuseri kwa msika wa pa Mzimba Boma, ndipo chitseko cha Wilkins chinali kumanja kwanga. Kwathu ndi ku Ntchisi. Ndinabwera kuno ndili mesenjala wa boma, ndinakwatira kuno, ndipo nditapuma pa ntchito sindinabwererenso. Nsalu zovundikira makompyutazo ndinasoka ndine, ndi zidutswa zotsala pa madiresi a anthu. Fumbi la kuno m'chilimwe limalowa ngakhale m'botolo lotseka.

Wilkins anabadwira kumwera kwa Mzimba, kufupi ndi Embangweni. Sukulu anailekera panjira, ndipo monga anyamata ambiri a kuno, anapita ku Joni. Poyamba ankagwira ntchito m'dimba la maluwa. Kenaka analowa m'shopu ya bambo wina wa ku Congo wokonza makompyuta, ndipo kumeneko ndi kumene manja ake anapeza ntchito yowayenera.

Anthu a kuno akamabwera ku Joni amabwera ndi malata, masofa, firiji, ena galimoto. Wilkins anatsika ndi makatoni omangidwa ndi zingwe. Achibale amene anadzamulandira anatsegula katoni imodzi, n'kupeza mabokosi achitsulo otuwa, amene maofesi a kumeneko anali atataya. Anayang'anana. Mlongo wake anafunsa ngati malata akubwera pambuyo.

Wilkins anandifotokozera za makompyutawo kamodzi kokha, ndipo ndinagwira zochepa. Anati kompyuta payokha ndi bokosi chabe. Kuti igwire ntchito imafuna pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse za mkati. M'maofesi ambiri pulogalamu imeneyi ndi Windows, ndipo ndi yogula. Koma ilipo ina, dzina lake Linux, imene anaipanga anthu ambiri a m'mayiko osiyanasiyana. Imeneyi aliyense angaitenge ulele, kuisintha mmene akufunira, n'kupatsanso mnzake. Ilipo ina yopepuka imene ngakhale makina okalamba amainyamula.

"Ndiyo yadzutsa akufawa, adada," anatero, akusisita limodzi mwa mabokosi aja.

Anatsegula kasukulu ka kompyuta. Munali matebulo a matabwa a paini ndi mabenchi. Ankabwera ana omaliza Fomu 4 amene ankadikira zotsatira, anamwino, aphunzitsi, ndi wapolisi wina wamkulu thupi amene ankalemba ndi chala chimodzi. Ankaphunzira kutayipa, kulemba makalata ndi kukonza mizere ya masamu. Wilkins sankakweza mawu pophunzitsa. Munthu akalakwitsa, ankangokoka benchi n'kukhala pambali pake. Zaka zoyamba zinali zabwino. Makompyuta okalamba aja ankayaka m'mawa uliwonse, ndipo iye ankayenda pakati pawo ngati munthu woyendera ng'ombe zake m'khola.

Mnzake wa mkangano anali Lloyd Kamphinda, wa ku Dedza, amene anamutumiza kuno kudzayang'anira makompyuta a ofesi ina ya boma. Anabwera koyamba kwa ine kudzafupikitsa thalauza, anasuzumira mwa Wilkins, ndipo kuyambira pamenepo nthawi ya nkhomaliro ankathera pa khonde lathu. Nkhani yawo inali imodzi yokha. Lloyd sankadana nayo Linux. Ankati pa seva ilibe inzake. Seva ndi kompyuta imene palibe munthu amakhala patsogolo pake. Imatsekeredwa m'kachipinda, ndipo ntchito yake ndi kusunga zinthu ndi kuzipereka kwa makompyuta ena. Lloyd ankati seva ya ku ofesi kwawo imayenda ndi Linux, ndipo sinamusowetsepo mtendere. Koma pa desiki ya kalaliki, kapena pa laputopu ya mphunzitsi, ankati ayi.

"Achimwene, ameneyu ndi galu wolondera," ankatero. "Ndi wabwino, koma malo ake ndi panja. Simugona naye m'nyumba."

"Mbwenu nanga anthu anu aja amabwereranji kuno ndi mafulashi odzaza mavairasi?" ankayankha Wilkins. "Akumatsegulira pa galu wanga yemweyu."

Ankaseka onse. Tsiku lotsatira ankayambiranso pomwepo. Wilkins ankati munthu wosauka asakakamizidwe kugula makina atsopano pomwe akale akadali ndi moyo. Lloyd ankati munthu wosauka yemweyo akufuna ntchito, ndipo olemba ntchito sadzamufunsa za makina amene ali ndi moyo. Ine ndinkapalasa makina anga. Ndinkaona kuti aliyense wa iwo akunena zoona.

Vuto linayamba ndi makolo. Kuno kholo lisanapereke mwana kuti aphunzire, limabwera kudzaona ndi maso. Ambiri sadziwa kompyuta, koma anaiona ku chipatala kapena ku banki, ndipo amakumbukira maonekedwe ake. Mayi wina anaima pakhomo nthawi yaitali, n'kufunsa chifukwa chake sikirini sinkafanana ndi ya ku ofesi ya mwamuna wake. Wilkins anayamba kufotokoza. Mayiyo anamvetsera mwaulemu, anathokoza, n'kuchoka ndi mwana wake. Zinachitikanso ndi kholo lina, ndi linanso.

Ndiye Wilkins anachita chimene Linux imalola. Anasintha maonekedwe ake. Anaika mitundu ya ku ofesi, kabatani ka pakona ya pansi, ndi tizithunzi tofanana ndi timene anthu anazolowera. Ukaima pakhomo sungasiyanitse. Iye ankati waiveka yunifolomu. Makolo anayamba kugwedeza mitu mokhutira, ndipo mabenchi anadzazanso.

Lloyd ataona anaseka kwambiri, kenaka anasiya kuseka. Anamuuza kuti ophunzira okhawo aziwauza zoona. Wilkins anati wodziwa kupalasa njinga imodzi angapalase ina iliyonse. Sankanama ndi pakamwa. Wina akafunsa ngati iyi ndi yomwe ija ya m'maofesi, iye ankangoloza sikirini n'kunena kuti, "Onani nokha."

Chaka chimenecho kunabwera Sellah Chavula, mwana wa a Pearson Chavula, mkulu wa mpingo wa kwawo kwa Wilkins. Sellah ankakhala kwa azakhali ake pa Boma. Anali wochepa thupi, wosalankhulalankhula, koma zala zake pa kiyibodi zinkamveka ngati matalala pa malata. Wilkins anali asanakhalepo ndi wophunzira wotere. Chilichonse chimene wamuonetsa, mawa lake mwanayo ankachichita mwachangu kuposa iye. Wilkins anayamba kumutchula pa mkangano wake ndi Lloyd. Ankati Sellah ndiye adzamalize nkhani imeneyi.

Mwayi unapezeka. Kampani ina yocheka matabwa ku Chikangawa inkafuna kalaliki wolemba za malole onyamula matabwa, ndipo ofuna ntchitoyo ankayenera kuyesedwa pa kompyuta. Sellah anaitanidwa. Siketi ndi bulauzi ya tsikulo ndinamusokera ine. Wilkins anauza aliyense wodutsa pa khonde. Sellah ananyamuka m'mawa wa chisanu, ndipo Wilkins anamuperekeza mpaka pa depoti.

Anabwerera madzulo dzuwa lili pafupi kulowa. Sanalowe mwa Wilkins. Anakhala pa benchi langa la makasitomala, chikwama pamiyendo, siketi ili ndi utuchi wa matabwa m'mphepete. Ndinapitiriza kusoka mpaka iye mwini anayamba kulankhula.

Anati anawakhazika pa malaputopu atsopano n'kuwapatsa pepala la manambala, kuti akonze mizere, awonkhetse, n'kusindikiza. Sikirini poyamba inkaoneka yodziwika, ndipo mtima wake unakhala pansi. Koma atatsegula pulogalamu ya masamu, anapeza zonse zili malo ena. Mawu amene ankawadziwa pamwamba paja sanawaone. Anafufuza uku ndi uku, anzake akugogoda makiyibodi. Ndiye anakweza dzanja. Anauza bwana woyesayo, mwaulemu, kuti kompyuta yakeyo inali yolakwika, kuti sinali Windows yeniyeni, ndipo anapempha kuti amupatse ina.

Bwanayo anabwera, anayang'ana, n'kumufunsa kumene anaphunzira. Sellah anati anaphunzira Windows pa Mzimba Boma, ndipo anakhoza bwino. Bwanayo anamufunsa kuti nanga iyi ndi chiyani. Ena onse m'chipindamo anaseka.

"Kulephera sikukundipweteka, asekuru," anatero Sellah. "Koma ndinatsutsana nawo. Ndinalimbikira kuti iwo ndi amene sakudziwa."

Chitseko cha Wilkins chinali chotsegula. Iye anali mkati, ndipo anamva zonse. Sellah anaimirira, anakung'untha siketi yake n'kumapita. Patapita nthawi ndinamva makompyuta akuzima imodzi imodzi, iliyonse ndi nthawi yake yodikira.

A Pearson Chavula anabwera sabata yotsatira pa njinga yamoto ya kabaza, atavala jekete ndi chipewa. Anapereka moni kwa Wilkins pakhomo pake monga mwa nthawi zonse, anafunsa za thanzi lake, kenaka anadzakhala pa benchi langa. Kuno munthu wamkulu akakhala ndi nkhani ndi mnzake wa kwawo, salankhula naye maso ndi maso. Amafuna thenga, munthu wonyamula mawu, kuti mkwiyo uzizirire panjira. Anandipempha kuti ndikhale thenga wawo. Ndinati ine ndine mlendo, ndipo za makompyuta sindizidziwa. Iwo anati ndi chifukwa chake asankha ine.

Benchi langa ndi chitseko cha Wilkins n'zoyandikana moti munthu akatsokomola uku, uko amamva. Komabe mwambo ndi mwambo. Ndinaimirira.

A Chavula sanafune kuti abwezeredwe kanthu. Anali ndi funso basi. Ankafuna kudziwa dzina la chimene mwana wawo anaphunzira miyezi yonse ija.

Ndinalowa n'kubwereza funsolo kwa munthu amene anali atalimva kale. Wilkins anayankha motalika. Anati ndi Linux. Anati ndi yabwino, siigwidwa ndi mavairasi wamba, imayendetsa makina akuluakulu a padziko lonse, ndipo Sellah akanapatsidwa masiku ochepa akanaidziwa inayo bwinobwino. Ankalankhula mofulumira, akuyang'ana khoma. Ndinatuluka. Mawu onse aja sindikanatha kuwanyamula. Ndinati Wilkins akuti mwanayo anaphunzira ina, yabwino ndithu, koma si ya m'maofesi.

A Chavula anagwedeza mutu. Anafunsa ngati Wilkins ankadziwa kuti mwanayo akuganiza kuti ndi ya m'maofesi.

Ndinalowanso. Nthawi iyi Wilkins sanafulumire. Anakhala pa benchi la ophunzira, manja pakati pa mawondo.

"Ndinkadziwa," anatero.

Ndinatuluka nalo liwu limodzilo. A Chavula analilandira, kenaka anavala chipewa.

"Yewo chomene," anatero pondithokoza. Anatsanzikanso kwa Wilkins, n'kukwera njinga ija.

Sanamunyoze kwa wina aliyense. Si anthu otero. Koma akafunsidwa ndi anzawo a mu mpingo kuti Sellah zinamuyendera bwanji ku Chikangawa, sankanama. Nkhani inachoka kumwera n'kufika pa Boma yokha. Anthu sankanena za Linux, chifukwa dzinalo sankalidziwa. Ankangoti makompyuta a Zgambo ndi abodza. Mabenchi anayamba kuoneka matabwa ake.

Wilkins anayesa zimene akanatha. Zaka zonse ankakana kuika Windows yongokopera, ankati kumeneko ndi kuba. Tsopano anapempha Lloyd kuti amuthandize kupeza yovomerezeka, ngakhale ya kompyuta imodzi yokha. Lloyd anabwera Loweruka, ndipo anakhala m'menemo tsiku lonse. Makina ambiri anakaniratu, chifukwa anali akale kwambiri. Imodzi inavomera, koma ukadina chilembo chinkaoneka chala chitachoka kale, ndipo kafani kankalira ngati kakupempha chifundo. Madzulo anaichotsa n'kubwezeramo ya kale ija. Lloyd potuluka sanaseke, ndipo za galu uja sanazitchulenso.

Kenaka Wilkins anavula makompyuta ake yunifolomu ija. Aliyense wobwera ankamuuza zoona asanakhale pansi. Ankamuuzanso kuti akadziwa iyi, inayo sidzamuvuta, bola aione kaye asanapite kukayesedwa. Anthu ankamvetsera, ankathokoza, n'kupita kufupi ndi depoti, kumene wina anali atatsegula sukulu ya malaputopu atsopano. Wapolisi wa chala chimodzi yekha ndiye anapitiriza kubwera, mpaka anamusamutsira ku Rumphi.

Wilkins anatumiza uthenga kwa Sellah kuti Lloyd wavomera kumuphunzitsa pa laputopu yake, ulele. Sellah sanabwere. Anabwerera kwawo. Ndinamuona kamodzi pa msika, akugulitsa nyemba ndi azakhali ake. Anandipatsa moni bwino, anafunsa za maso anga. Za khonde lathu sanafunse.

Masiku amenewo Wilkins ankatsegulabe m'mawa uliwonse. Ankavundukula makompyuta onse, kuwayatsa, n'kukhala yekha pakati pawo. Ine ndinkasoka kunja, iye ali mkati. Nthawi zina ndinkamutumizira chinangwa chootcha. Chimenecho ndicho ndinkatha.

Njira yotsiriza anabwera nayo Lloyd. Sukulu ina ya sekondale kumwera inali italandira matabuleti kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino, koma kunalibe intaneti. Inkafunika kompyuta imodzi yosunga mabuku ndi mayeso akale, kuti ana aziwerenga pa matabuleti awo kuchokera mmenemo. Inkafunika seva. Lloyd ananena zimenezi akuyang'ana pansi, ngati munthu wobweretsa uthenga wa maliro. Anati palibe wina pa Boma amene angaikonze bwino kuposa Wilkins.

M'mawa mwake ndinamva sikuludalaivala ikugwira ntchito. Wilkins anatsegula makompyuta onse, nachotsa mwa iliyonse chiwalo chimene chinali champhamvu, n'kuziika m'bokosi limodzi. Mabokosi otsalawo anawaunjika pakona, opanda kanthu mkati. Wogula zitsulo zakale anadzawatenga pa wilibala. Nsalu zanga zija Wilkins anazipinda bwinobwino n'kundibwezera. Anandiuzanso kuti walankhula kale ndi munthu wa galimoto yopita ku Joni.

Ndinapita nawo ku sukuluko, chifukwa ndinali ndi mayunifolomu a ana ena a kumeneko oti ndikapereke. Tinakwera pikapu, Lloyd kutsogolo, ine ndi Wilkins kumbuyo. Iye anafungatira bokosi lija pamiyendo msewu wonse kuti lisagwedezeke pa mabampu. Ine ndinali nditasoka chovundikira chatsopano, cha nsalu imodzi yathunthu, osati zidutswa. Ndinachibisa m'thumba la mayunifolomu.

Mphunzitsi wamkulu, mayi Marjory Hara, anatilandira ndi mtolo wa makiyi m'manja. Malo amene anakonzera kompyutayo anali m'kachipinda kosungira katundu. Munali makatoni a choko, makasu a ku dimba la sukulu ndi mipira yophwa. Pakona panali mabatire a sola ndi shelefu yopanda kanthu. Wilkins anaika bokosi pa shelefu, analumikiza mawaya, n'kuikapo sikirini ndi kiyibodi zobwereka pa sukulupo kuti aone ngati zonse zili bwino. Lloyd anapita m'kalasi ndi tabuleti imodzi. Posakhalitsa tinamva ana akusokosera uko, ndipo Lloyd anabwera kudzanena kuti mabuku akutseguka.

"Ikugwira, achimwene," anatero. "Ikugwira bwino kwambiri."

Wilkins anangovomera kuti, "Enya."

Anachotsa sikirini ija ndi kiyibodi n'kuzipereka kwa mayi Hara. Bokosi linatsala lokha, kanyale kobiriwira kakuphethira. Ndinatulutsa chovundikira changa. Lloyd anachiyang'ana, anachigwira, n'kundiuza mofatsa kuti imeneyi siivundikiridwa. Imafuna mpweya, chifukwa siizimitsidwa, usana ndi usiku. Ndinachipinda n'kuchibwezera m'thumba.

Mayi Hara anathokoza onse, n'kupita kukaima pakhomo. Dalaivala wa pikapu anali atayamba kale kuliza hutala. Lloyd anatuluka. Ine ndinatsala pang'ono chifukwa cha mawondo anga, ndipo ndinamuona.

Wilkins anaika chikhatho pamwamba pa bokosi lija n'kuima. Sindikudziwa ngati anaiwala, kapena ankadziwa. Kafani kanapitiriza kuzungulira. Anadikira monga ankadikirira madzulo alionse pa khonde lathu, mutu utapendekeka pang'ono. Mayi Hara anasuntha makiyi kuchoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina. Hutala inaliranso. Kafani sikanasiye.

Kenaka anachotsa dzanja, analipukuta pa thalauza, n'kutuluka. Mayi Hara anatseka chitseko ndi loko.